Ludzu la pa Zenera Lachitatu

Nyumba imene ndinayambira ntchito nditangofika ku Mangalande sinamangidwe kuti muzikhala okalamba. Inali ya banja lina lolemera, kunja kwa Wolverhampton, kumene basi imasiya nyumba zogundizana n'kuyamba kudutsa minda ndi nkhosa. Ine ndinkagona ku Whitmore Reans, m'kachipinda kapamwamba koyang'ana kumbuyo kwa shopu, ndipo kuti ndifike pa shifiti yam'mawa ndinkakwera mabasi awiri kenaka n'kuyenda wapansi kamsewu ka mitengo italiitali. Tsiku loyamba ndinaima pageti kudzifunsa ngati sindinasochere. Chinyumba cha njerwa zofiira, machumuni mbwee padenga, makwerero amiyala pakhomo. Ine amene ndinagwira unamwino zaka khumi ndi zinayi pachipatala cha mishoni kwathu ku Ntcheu, ndinali nditabwera kudzasambitsa nkhalamba ndi kuzisintha matewera. Zinkandiwawa, sindinama. Koma viza yanga inali yomangirira pantchito imeneyo, ndipo ana anga awiri anali atatsala ndi amayi kumudzi, akudikira kuti ndidzawaitane. Ndinalowa.

M'kati, pafupi ndi pamene tinkasainira tikafika, panali chithunzi chakale chakuda ndi choyera. Chinkaonetsa chipinda chachitali, mabedi achitsulo mizere iwiri, anyamata ena atagona ena atakhala tsonga. Wina analibe mkono, wina mutu wonse unali m'mabandeji kungotsala pakamwa. Kumapazi kwa mabedi kunaima atsikana ovala maepuloni oyera, manja kumbuyo. Pansi pa chithunzicho analembapo kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse eni nyumba anaipereka kuti ikhale chipatala cha asilikali ovulala. Chipinda chachitalicho ndi chimene ife tinkadyetseramo okalamba athu. Mazenera ake asanu aatali anali omwewo. Pakhoma, pamene pankafika mutu wa bedi lililonse, panali timabowo tiwiri ta misomali tomata, ndipo dzuwa likalowa chopendekera manambala a mabedi ankaonekera pansi pa penti. Akuti anapaka kambirimbiri koma ankatulukabe.

Ndineneretu kuti mzukwa sindinauone m'nyumbamo, wina asadikire zimenezo. Amene amandisowetsa mtendere mpaka lero ndi munthu amene ndinkamusambitsa ndi manja angawa.

Tonse tinkawatchula kuti Asisitala, ngakhale unamwino sanauphunzire. Anali mayi wachizungu wamng'ono thupi, wotsala pang'ono kukwanitsa zaka zana, wobadwira m'mudzi wapafupi pomwepo. Ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankathandiza m'chipatala chija: kutaya mikodzo, kuchapa mabandeji, kumwetsa tiyi amene analibe manja. Pachithunzi paja analipo, wachitatu kuchokera kumanzere, nkhope yosaoneka bwino chifukwa anagwedezeka pojambula. Mwana sanabereke. Miyendo itawakana, mwana wa mchimwene wawo anawasonyeza nyumba zingapo zoti asankhe, iwo n'kusankha yomweyi. Mutu wawo unali wabwinobwino. Koma pakamwa, abale inu! Aliyense ankapemphera kuti asamugwere pa ndandanda ya tsikulo.

Sabata yanga yoyamba anandituma kukayala bedi lawo. Iwo anali pampando, ndodo pamiyendo, akundiyang'ana ngati wogula mbuzi pamsika. Ndinakoka nsalu n'kupinda ngodya zake monga anatiphunzitsira masisitere akumishoni, popanda khwinya ngakhale limodzi.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?" anafunsa. Tinkalankhula Chingerezi, ine changa cha ku Ntcheu, iwo chawo cha m'mphuno.

"Masisitere akwathu, amayi."

"Ndiye ndiwe nesi iwe. Enawa angobwera kudzakankha ngolo."

Kuyambira tsiku limenelo sankalola wina kuwasambitsa ine ndili pantchito. Ndinanyada nazo, ndisabise. Munthu woyamba m'dziko lino kuona kuti manja angawa anapita kusukulu anali nkhalamba yolongolola imene anzanga ankaithawa.

Anali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. M'chipinda chodyera chija sankalola kuti pansi pa zenera lachitatu pakhale kanthu. Wina akaikapo mpando, kapena akaimikapo ngolo yathu ya majagi a madzi ndi juwisi, ankamenyetsa ndodo pansi mpaka masupuni kulira pamatebulo. "Chotsani apo! Mulibe maso?" Akuofesi analemba m'faelo kuti ndi ukalamba. Ine ndinkangochotsa osafunsa. Kwathunso kuli malo amene sukhalapo, ndipo mwana woleredwa bwino safunsa chifukwa chake.

Nkhani inayamba masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Unali m'mawa, ndikuwapesa tsitsi pagalasi. Anangoti, mawu ofanana ndi opempha shuga:

"Ine ndifa chisanu chikubwerachi chisanathe. Pali chinthu chimene ndinachita m'chipinda chodyera chija, pa zenera lachitatu. Sindinauze mwamuna wanga, sindinauze abusa. Ndikufuna ndiuze iwe ndisanafe, chifukwa ndiwe nesi, komanso anthu akwathu suwadziwa."

Chipeso chinatsala pang'ono kundipulumuka. Kwathu wodwala akayamba kunena za imfa yake, sumulekerera. Umamudula mawu msangamsanga. Kukhala chete n'kumamvetsera ndiko kuvomera, ndiye kuti wamutaya kale, ukungodikira kuti achoke. Ndinakula ndikuona amayi anga akuika dzanja pakamwa pa azakhali odwala. Zaka zonse zija m'wodi ndinkamva magadiyani akunena kwa anthu amene ife anamwino tinkadziwa kuti safika Lamlungu: musatero, muchira, mudya nafe chimanga chachiwisi. Si bodza ayi, ndi chikondi. Ndiye pakamwa panga panangoyankha pokha.

"Ayi amayi, musalankhule choncho. Inu kufa? Mudzatiika ndinu tonsefe. Taonani tsitsi lakongola bwanji lero."

Anandiyang'ana kudzera pagalasi.

"Ndimayesa ndiwe nesi," anatero. Kenaka anapempha magalasi awo ndi nyuzipepala.

Ndinatuluka m'chipindamo ndikudziona ngati ndachita bwino kwambiri.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina titatha kudyetsa nkhomaliro, anzanga anakankhira okalamba ena kukaonera kanema. Asisitala anati ine ndiwasiye momwemo, ndiwakankhire pa zenera lachitatu. Panja kunali kamvula kamawawa. M'chipinda munatsala fungo la kabichi ndi sopo wokolopera.

"Bedi lake linali apa," anatero, akuloza ndi ndodo. "Mutu uku, mapazi uko. Anali wa ku Stoke-on-Trent, kumene ankaumba makapu ndi mbale. Nkhondo isanamutenge ntchito yake inali kusenza makapu pamutu kupita nawo ku uvuni. Ankandiposa ndi zaka ziwiri zokha."

Ndinayamba kumvetsera, poti imeneyi inali nkhani yakale, ndipo nkhani yakale ya munthu wamkulu suikana. Anati mnyamatayo anamuombera m'mimba. Anamuchita opaleshoni kuchipatala chachikulu, ndipo ataona ngati akuchira anamubweretsa kuno kuti adzapeze mphamvu. Koma bala linaola m'kati. Dokotala anabwera n'kupachika kachikwangwani pa misomali iwiri ija ya pakhoma, kolembedwa kuti asamwe kanthu. Matironi, mayi wamkulu woyang'anira wodi, anasonkhanitsa atsikana onse n'kuwauza kuti amene amupatse dontho limodzi wamupha, ndipo anyamule katundu azipita kwawo.

"Kunali kotentha chaka chimenecho," anatero Asisitala. "Mazenera onsewa tinatsegula koma mphepo ayi. Iye ankaitana tsiku lonse. Madzi, madzi. Anzanga anaphunzira kudutsa mofulumira, maso kumbali. Ine nsapato yanga imodzi inkalira ndikamayenda, ndiye ankandidziwa ndili kukhomo uko. Ankati mlongo, mlongo. Lilime linatupa, milomo inang'ambika. Mawu atatha ankangoyang'ana jagi ya mnzake wa bedi loyandikana. Ayang'ane jagi, ayang'ane ine, ayang'ane jagi."

Tsitsi linayamba kundithawa. Manambala apakhoma aja tsiku limenelo sankaoneka, kunalibe dzuwa, koma ndinkadziwa pamene ali.

"Tsiku lachitatu masana matironi anapita kukadya. M'wodi ndinatsala ndekha. Ndinaima apa, pamene pali phazi lakolo. Ndikukuuza izi chifukwa posachedwa ndikukakumana naye, ndipo ndisanapite..."

"Aaa amayi, mwayambanso!" ndinatero mokweza. "Simukukakumana ndi aliyense inu. Mukupita kuti? Basi, zatha izi, mwazizidwa. Tiyeni tikamwe tiyi."

Ndinachotsa phazi langa pamalopo ngati ndaponda khala lamoto. Belu loitanira antchito linalira kumtunda, m'zipinda za pamwamba, ndipo ngakhale silinali langa, ndinalikondwerera. Ndinagwira wilutcheya n'kuitembenuza, ndikung'ung'udza kakolasi kakutchalitchi kuti ndisamve ngati anenanso kanthu. Sananene. Ndodo yawo yokha inkakhwekhwereza pansi njira yonse. Lero ndikhoza kuvomera kuti sichinali chikondi chokha chimene chinanditsekula pakamwa. Ndinali ndi mantha. Sindinkafuna kusenzetsedwa chinthu chimene munthu wachisunga moyo wake wonse.

Pantchitopo ndinali ndi mnzanga wa ku Chipata, wamkulu kwa ine, amene tinkapempheranso tchalitchi chimodzi ku Birmingham. Ndinkawatchula asisi. Madzulo amenewo tikudikira basi, manja m'makhwapa, ndinawafotokozera zonse. Ndinkayesa andiyamikira.

"Iwe mwana, uli na vuto bwanji?" anatero m'Chinyanja chawo. "Uja mzimai afuna chabe kukamba. Muleke akambe."

"Akambe za imfa ine ndili chete? Asisi, amayi anu atanena kuti akufa, mungakhale pansi n'kupinda manja kumati pitirizani?"

"Si amai ako."

"Alibe mwana. Ndiye amene angawaletse ndani ngati si ine?"

"Kuno si ku Ntcheu iwe. Azungu imfa aikonzekera monga ulendo, asankhiratu na nyimbo za pamaliro. Ukamutseka pakamwa aona monga wamunyoza."

"Inu a ku Zambia mumangovomera zilizonse," ndinatero, ndipo ndinakwiya zenizeni. M'basi ndinakakhala kumbuyo ndekha. Ine ndikakwiya ndimalimbikira pomwepo ngakhale ndikuona kuti mnzangayo ali ndi mfundo. Mumtima ndinakonza zanga: ndidzawamvetsera, inde, koma tsiku limene adzaikambe ngati nkhani wamba, osati ngati kutsanzika. Ndinkaganiza kuti nthawi ilipo yambiri.

Chisanu chinafika. Udzu wa panja unkadzuka woyera, ndipo Asisitala anadwala chifuwa. Sichinali choopsa, koma chinawafooketsa. Lachisanu lina m'mawa, nditawaveka juzi, anandiuza kuti nditsegule kabati yapafupi ndi bedi. Munali kawotchi kakang'ono kopachika pachifuwa, kamene anamwino amawerengera kugunda kwa mtima.

"Eni nyumba anatipatsa atsikana tonse nkhondo itatha. Tenga. Ine sindikafunanso."

Mayo ine! Kwathu katundu wa munthu amagawidwa maliro ataikidwa. Kulandira chinthu cha wodwala ali moyo, iye akunena yekha kuti sachifunanso, ndiye kuti wayamba kugawa za maliro mwini wake akupuma. Malamulo a pantchito nawonso sankatilola kulandira mphatso, koma kunena zoona za malamulo sindinaziganize n'komwe. Ndinabweza kawotchiko m'kabati n'kutseka.

"Chabwino, kasiye," anatero. "Koma khala pansi. Ndimalize."

Anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira, lopepuka, koma linagwira ndithu. Mpando unali pomwepo, kumbuyo kwa mawondo anga.

"Amayi, chifuwachi chithe kaye. Kukayamba kufunda ndidzakutulutsani panja padzuwa, tidzakhale pansi pa mtengo uja, mudzandiuze yonse kuyambira poyamba. Tili ndi zaka zambiri ife."

Anandisiya mkono. Sanakalipe ngati masiku onse, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Ndiwe wamantha," anatero. "Ngati ine."

Ndinaseka, n'kuwakonza kolala ya juzi. Ndinali ndi anthu ena asanu ndi mmodzi oti ndiwasambitse. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kuchokera pakamwa pawo.

Loweruka ndi Lamlungu ndinali pa ofu. Ndinachapa, ndinaimbira ana foni, ndinapita kutchalitchi n'kuimba mpaka mawu kusasa. Lolemba m'mawa tikulandira lipoti, nesi wamkulu anati Asisitala anagwidwa sitiroko Loweruka masana. Mbali yakumanja yafa, mawu apita. Anali atalemberatu kalekale kuti zoterezi zikadzachitika asadzawatengere kuchipatala, adzafere momwemo. Dokotala anali atabwera, katswiri woona za kumeza nayenso anali atabwera. Kukhosi sikukugwira ntchito. Chilichonse cholowa pakamwa chipita m'mapapo. Choti tizichita ndi kungonyowetsa milomo ndi kansalu.

Lipoti litatha nesi wamkuluyo anandiitanira pambali. Sanali munthu woipa, ndipo anali atagwirapo ntchito ndi anthu akwathu ambiri.

"Ndikudziwa kuti kwanu mumachita mwina," anatero. "Ndikudziwanso kuti mumakondana ndi mayiwa. Koma musawamwetse. Akatsamwa afa movutika, ntchito yanu ithera pomwepo, ndipo nkhaniyo ipita kutali kumene ine sindingakuthandizeni."

Ndinakwera makwerero kupita kuchipinda chawo. Pamwamba pa bedi lawo panali pepala lomata pakhoma, lolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti asamwe kanthu. Nkhope inali itagwera mbali imodzi. Diso lakumanja linali lotseka pang'ono, koma lakumanzere linali lamoyo, lomwe lija linkaona khwinya pansalu. Linandipeza ndili pakhomo.

Ndinagwada pambali pa bedi monga timagwadira akulu kwathu. Ndinagwira dzanja lawo lakumanzere.

"Amayi, ndabwera. Nenani tsopano. Ndikumva."

Milomo inagwedera. Panatuluka kaphokoso kakukhosi, kenaka malovu. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi mpaka kutuluka. Palibe chimene chinamveka. Ndinathamanga kukatenga pepala ndi cholembera, n'kuwagwiritsa kumanzere. Anangokhwatcha mizere yopita pansi. Ndiye ndinaganiza zanzeru zathu zam'wodi.

"Amayi, ngati munamupatsa madzi mnyamata uja, finyani dzanja langa."

Anafinya.

Kuti nditsimikize ndinafunsanso. "Ngati simunamupatse, finyani."

Anafinyanso. Ndinafunsa ngati lero ndi Khirisimasi, anafinya. Dzanjalo linkangofinya chilichonse chimene laikidwamo. Ndinakhala pansi pakapeti n'kulira ngati mwana, mpaka asisi a ku Chipata anabwera kudzandidzutsa. Sananene kuti ndinakuuza. Akanatero bwenzi zili bwinoko.

Patebulo lapafupi ndi zenera panali jagi ya madzi onyowetsera kansalu kaja. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti diso lawo lapeza jagiyo. Liyang'ane jagi, liyang'ane ine, liyang'ane jagi. Ndikasuntha, linkanditsata. Ndikaima, linkabwerera kujagi. Ndinaichotsa n'kuiika pansi kuseri kwa mpando, diso linayamba kusakasaka m'chipinda monse, mpweya n'kukwera, mpaka ndinaibweza.

Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Nkhani ija inali ndi mathero awiri, ndipo ine ndinali nditakana kumva kuti enieni ndi ati. Mwina mtsikana uja masana aja anatenga jagi n'kumumwetsa mnyamatayo, iye n'kufera m'manja mwake, ndipo anakhala chete osauza matironi. Ngati zinali choncho, disolo linkandichenjeza kuti ndisayerekeze. Kapena anaima pamenepo n'kuopa, n'kutembenuka ndi nsapato yake yolira, mnyamatayo n'kufa ndi ludzu akumuyang'ana. Ngati zinali choncho, disolo linkandipempha kuti ndisachite zimene iwo anachita. Mantha anali m'mathero onse awiri. Mwinanso sankanena za msilikali n'komwe. Mwina inali nkhalamba yomva ludzu basi.

Kwathu munthu sapita ndi ludzu. Zikafika pothera, gadiyani amadzutsa mutu wa wodwala n'kumumwetsa ngakhale supuni imodzi, dokotala alole asalole. Ineyo ndili namwino ndinkatembenuka dala kuyang'ana kukhoma kuti achite. Amene walephera kumwetsa mbale wake madzi omaliza amakhala nazo moyo wake wonse.

Tsiku lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, anthu onse ali pansi kudyetsa, tinatsala awiri kumtunda, ine ndi asisi. Tinawatembenuza Asisitala, tinawapaka mafuta pamsana. Milomo inali itang'ambika ngakhale ndinkainyowetsa pafupipafupi. Lilime linali louma ngati chikopa. Asisi anayang'ana diso lija, anayang'ana jagi, kenaka ine.

"Ine niimilira pakhomo," ananong'ona. "Sinione kanthu."

Anatuluka n'kutseka chitseko. Ndinathira madzi m'kapu. Ndinatenga kasupuni ka tiyi n'kutunga. Ndi dzanja lina ndinadzutsa mutu wawo, wopepuka ngati chikho chopanda kanthu. Diso linasiya jagi n'kukhazikika pa supuni. Msozi unatuluka n'kutsetserekera kukhutu. Kukhosi kunamveka kaphokoso kaja, ndipo mutu unagwedezeka pang'ono m'dzanja langa. Ndakhala ndikuubwereza kugwedezeka kumeneko kosawerengeka, m'basi, m'bafa, pakati pa pemphero. Sindikudziwa ngati unkabwera ku supuni kapena unkaithawa.

"Amayi, ndichite chiyani?" ndinafunsa m'Chichewa, Chingerezi chitandithawa. "Ndiuzeni, ndichite chiyani?"

Madzi a m'supuni anayamba kudonthera pansalu. Ndinaganiza za kutsamwa, poti ndinaonapo anthu akutsamwa ndipo si imfa yabwino. Ndinaganizanso za ana anga ndi viza yanga, ndipo ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi, chifukwa sindidziwa kuti mwa ziwirizi chinalemera kwambiri ndi chiti. Ndinabweza supuni m'kapu. Ndinagoneka mutu papilo, n'kuviika kansalu, n'kukafinya monga mwa lamulo, n'kupukuta milomo. Anakaluma kansaluko ndi nkhama, kukayamwa mwamphamvu, moti ndinachita kulanda. Odwala onse a ludzu amatero, ndikudziwa. Diso silinandichoke.

Nditatsegula chitseko asisi anandiyang'ana kumaso. Ndinapukusa mutu. Anangoti, "Mulungu aona," ndipo mpaka lero sindinawafunse kuti ankatanthauza mbali iti.

Anamwalira tsiku lotsatira, dzuwa likupendeka, ngolo za tiyi zikulira m'khonde. Ndinali pomwepo, dzanja lawo lili m'langa. Mpweya unkatalikirana, kenaka sunabwerenso. Ndinawatseka maso ndekha. Lakumanzere linavuta, ndinachita kuligwira kanthawi. Ndinawasambitsa, ndinawapesa tsitsi, ndinayala nsalu yatsopano. Pepala lapakhoma lija ndinalimatula n'kulitaya m'bini.

Anayesa katatu kundiuza pamene anali ndi pakamwa. Katatu konse ndinawatseka, ndikumati ndikuwakonda. Zaka zonse zija anasunga nkhani yawo, anasankha kudzafera m'nyumba imene inachitikira, anasankha ine pakati pa anthu onse, ndipo ine ndinawauza za tiyi ndi tsitsi. Ndikanangokhala pampando uja Lachisanu lija, bwenzi ndikudziwa chochita ndi supuni. Tsopano ndinakhoza mayeso a unamwino akuno, ndikugwira pachipatala chachikulu ku Bordesley Green, ana anabwera ndipo amandiyankha m'Chingerezi. Mapepala oti wodwala asamwe kanthu ndimamata ndekha, pafupifupi sabata iliyonse. Ndikamata ndimachotsa jagi msanga, ndipo kumaso kwa wodwalayo sindiyang'ana.

Mwana wa mchimwene wawo uja anafika m'mawa mwake kudzatenga katundu. Anali mayi wachikulire ndithu, waulemu, wovala chikhoti chobiriwira. Nesi wamkulu anandiitana kuti ndidzamuone, akuti uyu ndi amene ankawasamala. Mayiyo anandigwira manja onse awiri. Anati azakhali ake anali munthu wovuta, ndipo za nkhondo sankakamba n'komwe, banja lonse linkangodziwa kuti ali pachithunzi chapansi chija. Ndinatsala pang'ono kumufunsa za mnyamata wa ku Stoke-on-Trent, koma ndinaona pankhope pake kuti sakudziwa kanthu.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha," anatero. "Kumapetoku, pali chimene ankafuna? Anapempha kanthu?"

Nesi wamkulu anali ataima pambali panga. Asisi anali chapatali, atanyamula nsalu zochapa, akumvetsera.

"Ayi mayi," ndinatero. "Sanapemphe kanthu."

Anandikumbatira, akulira, n'kunena kuti zikomo.